Tsiku Limene Tinawatsitsa a Jailosi pa Injini

Ndikukumbukira Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, zaka za m'ma 1980 zitangoyamba, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinadzuka ndi mtima wa munthu amene wapambana mlandu. Kunja kunali kuzizira kuja kwa Nairobi kolowa m'mafupa, mitambo itatsika mpaka pamadenga, koma ndinasamba msanga osadandaula. Masiku amenewo ndinkalemba zochitika za tsiku lililonse m'kope la sukulu, ndipo m'mawa umenewo, tiyi asanapse, ndinalembamo kuti: "Lero a Jailosi alandira ulemu umene akhala akumanidwa zaka zonsezi, ndipo wachititsa ndine." Mawu omalizawo ndinawadula mzere kunsi kwake kawiri.

Tinasamukira ku Nairobi ndili mu Sitandade 7, bambo atapeza ntchito ku ofesi ina ya mayiko ambiri ku Gigiri. A Jailosi ndinawadziwa patapita zaka zitatu, tsiku lina aphunzitsi atatitengera kuseri kwa siteshoni yaikulu kukaona sitima zakale. Nthawi imeneyo njanji inali itatengedwa ndi sitima za dizilo, ndipo za nthunzi zinangondanda paudzu, dzimbiri likuzidya. Imodzi yokha inali yamoyo. Kagulu ka anthu okonda sitima zakale kanaipempha n'kumaisamalira ndi manja awo, ndipo Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse inkakoka mabogi anayi kupita ku Limuru ndi kubwerako. M'kagulumo munali akalaliki, amakaniko, Amwenye ndi azungu angapo. Panalibe ndi mmodzi yemwe wolandira malipiro.

Tsiku limenelo injini inali ikufuka, anzanga akutseka mphuno ndi matayi.

"Koma utsi wakewu," ndinadziyankhulira m'Chichewa, podziwa kuti palibe angandimve.

"Utsi suluma, mwanawe," anatero mawu ochokera pamwamba.

Nditatukula maso ndinaona nkhalamba yayitali, yovala ovolosi yabuluu ndi chipewa chakuda ndi mafuta, ikutsika makwerero a injini chafutambuyo. Itafika pansi inapukuta manja pansanza, n'kundifunsa kuti ndine mwana wa yani. Nditanena kuti bambo anga ndi a Mbewe, inagwedeza mutu.

"Basi ndiwe Nambewe. Ine ndine Jailosi wa ku Ntcheu. Zaka zambiri zapita osamva mwana akudandaula m'Chinyanja."

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinkakwera minibasi, imene kumeneko amati matatu, mpaka m'tauni, n'kudutsa pakati pa ogulitsa nyuzi ndi chimanga chootcha kupita kushedi kumene injini inkagona. Amayi sankaletsa, ankati ndi agogo a kwathu. Alendo akabwera kuchokera ku Malawi ankandipatsa kaphukusi ka mfutso kapena usipa kuti ndikawapatse, ndipo a Jailosi ankayamba anunkhiza kaphukusiko nthawi yaitali asanathokoze.

Mbiri yawo sanandiuze tsiku limodzi. Ndinkaitola pang'onopang'ono iwo ali pantchito. Anachoka kwawo ndevu zisanamere, nayenda wapansi mpaka kuminda ya khonje ku Tanganyika, kenaka n'kufika ku Mombasa kumene anayamba ntchito yopukuta mainjini. Anakhala wosonkha moto zaka zambirimbiri, akuphunzitsa njira anthu amene ankabwera pambuyo pawo n'kuwapitirira, chifukwa masiku amenewo munthu wakuda sankapatsidwa msanga mpando wa woyendetsa. Pomwe ankaupeza n'kuti imvi zitayamba. Anakwatira konko, mkazi wawo anamwalira konko, ndipo tsopano ankakhala ndi mwana wawo wamkazi ku Kaloleni, mu Nairobi momwemo. Kagulu kaja katayamba, anali woyamba kupereka masiku awo opuma. Atapuma pantchito anapereka masiku onse. Pamene ndinkawadziwa n'kuti atayendetsa injini imeneyo zaka zoposa khumi osalandira kanthu.

Kwathu timati sitima yamalasha, koma ya ku Kenya ija inkatentha mafuta akuda olemera ngati phula. Komabe moto woyamba unkakhala wa nkhuni, ndipo a Jailosi ankauyatsa okha Lachisanu masana kuti madzi afunde mosathamanga. Ankati injini sadzutsa ngati msilikali, amadzutsa ngati mwana wodwala. M'mawa wa ulendo ankaizungulira ndi kachitini ka mafuta kokhala ndi mlomo wautali, akudontheza apa ndi apo, akugunda zitsulo ndi kanyundo n'kumvetsera. Sitima ikaima panjira ankatsika n'kukhudza mawilo ndi kuseri kwa dzanja, monga mayi ayesa kutentha kwa mwana pachipumi.

Zonsezi ndinkaziona, koma zimene zinkandigwira mtima zinali zina. Ndinkaona nsapato zawo zong'ambika pachala, chifukwa ankayenda wapansi kuchokera ku Kaloleni. Ndinkaona alendo odzaona dziko akuwavula chipewa kuti ajambulitse nacho, akuwauza kuti amwetulire, ena akuwasisita paphewa ngati mwana wakhoza mayeso. Chaka chimenecho bambo anali atandigulira buku la mbiri ya kwathu, ndipo ndinali nditangowerenga za thangata. Mawuwo anandilowa m'mutu osatulukamo. M'kope langa ndinalemba masamba atatu athunthu onena kuti thangata sanathe, wangovala ovolosi. Zoti mlembi wa kagulu kaja, mzungu wa ku Muthaiga, dera la anthu olemera, nayenso ankagwada pansi kupala dzimbiri osalandira kanthu, sindinafune kuziona chifukwa zinkasokoneza nkhani yanga.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwafunsa.

"Agogo, anthu amenewa amakulipirani?"

"Andilipire chifukwa chiyani? Iweyo ukamaimba kwaya kutchalitchi amakulipira?"

Ine ndinaona ngati ndi nkhalamba yaulemu imene ikubisa manyazi ake.

Mu Julaye anandiuza kuti ulendo wa Ogasiti udzakhala wawo womaliza. Kagulu kanali ndi lamulo lakuti woyendetsa akakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri azisiya, ndipo lamulolo analiika nawo iwo omwe zaka zapitazo.

"Pepala la njanji likuti ndinabadwa mu Ogasiti," anatero akuseka. "Analemba ndi kalaliki wina ku Mombasa atangondiyang'ana mano. Koma pepala ndi pepala. Chimene ndikufuna n'chimodzi, Nambewe. Ndidzakwere chitunda cha Limuru bwinobwino, mawilo osaterereka ngakhale kamodzi, ndidzabwere nayo kuno, ndidzazimitse moto ndi dzanja langa. Basi."

Anandiuza momveka chomwecho, m'chiyankhulo changa. Ine ndinangomvapo zakuti munthu akuchoka chimanjamanja.

Amalawi a mu Nairobi tinkakumana Lamulungu loyamba la mwezi kunyumba kwa a Mwale ku Muthaiga. A Mwale anali wapampando wathu, munthu wa thupi ndi mawu aakulu, amene ankakonda kuti zinthu za Amalawi zizioneka bwino pamaso pa anthu a mayiko ena. Tikatha mapemphero akuluakulu ankamwa tiyi m'nyumba akufunsana za kumudzi, ife ana tili panja. Lamulungu loyamba la Ogasiti ndinalowa, ndinagwada pakhomo, n'kupempha kuti ndiyankhule. Ndinali nditaloweza mawu anga sabata yonse. Ndinanena za munthu wa kwathu amene wakalambira panjanji ya eni, amene akudyeredwa masuku pamutu ife tili chete. Ndinafunsa ngati kwathu munthu wamkulu amagwira khasu pa tsiku la phwando lake achinyamata ali khale. Ndinapempha kuti pa ulendo womalizawo asadzagwire ntchito, adzakhale pampando ngati bwana, ena adzawayendetse.

Amayi ena anaomba m'manja. A Mwale anaimirira n'kunena kuti mwana watitsegula m'maso. Asanathe tiyi zonse zinali zitakonzedwa. Tidzatenga mabogi awiri, tidzawagulira suti, tidzaitana anzathu a kumaofesi kuti adzaone mmene Amalawi amalemekezera akulu awo, ndipo a Mwale adzayankhula ndi mlembi wa kagulu kuti aike woyendetsa wina. Mwiniwake asauzidwe, tidzangomudzidzimutsa.

Tikubwerera kunyumba amayi anafunsa m'galimoto, osatembenuka, kuti, "Nanga eni akewo afunsidwa?"

"Akafunsidwa akana chifukwa cha ulemu," ndinayankha msanga. Bambo anati mwana akunena zoona, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Loweruka lija titafika pasiteshoni tinapeza injini itaima kale kutsogolo kwa mabogi, ikupuma nthunzi yoyera m'mbali. Sindinaionepo ikuwala chotero. Mkuwa uliwonse unali utakwechedwa, mpaka nambala yake inkaoneka ngati yatsopano. A Jailosi anali m'mwamba, atavala ovolosi yochapa ndi yosita, mzere wa simbi ukuoneka pamyendo. Atationa tili gulu, amayi atavala zitenje zofanana, anakweza dzanja mokondwa. Ankayesa kuti tabwera kudzakwera sitima yoyendetsa iwo.

"Agogo, tatsikani pang'ono," anaitana a Mwale.

Anatsika, kachitini ka mafuta kali m'manja. A Mwale anawagwira dzanja ndi manja awiri, n'kuyankhula mokweza kuti onse amve.

"Agogo, mwagwira ntchito mokwanira. Lero simukhudza chitsulo. Lero ndinu mlendo wathu wolemekezeka, ndipo wayambitsa zonsezi ndi mdzukulu wanuyu."

Azimayi analulutira. A Jailosi anayang'ana mlembi wa kagulu, amene anagwedeza mutu akumwetulira n'kuwauza kuti pandandanda walembapo Njoroge. Njoroge anali kalaliki wa kubanki, bambo wa zaka ngati makumi anayi, amene a Jailosi anamuphunzitsa kuyendetsa. Anali ataima pambali, maso ali pansi. A Jailosi anayang'ana injini, anayang'ana chigulu cha anthu a kwawo chimene chinali chitawazungulira pamodzi ndi alendo a mayiko ena onyamula makamera, kenaka anayang'ana ine. Ndinawamwetulira ndi mano onse. Munthu wa kwathu angakane bwanji mphatso ya abale ake pamaso pa alendo? Anawerama pang'onopang'ono n'kuika kachitini kaja pansi.

"Zikomo," anatero. "Zikomo kwambiri."

Anawatengera m'chipinda chodikirira, ndipo anatulukamo atavala suti yotuwa imene manja ake ankaphimba zala. Anawakhazika pampando wa pawindo m'bogi lathu, pafupi ndi a Mwale. Ine anandipatsa mpando woyang'anizana nawo monga mphotho yanga.

Mluzu unalira, bogi linagwedezeka, tinanyamuka. Tinadutsa Kibera ana akuthamanga m'mbali mwa njanji akukuwa, tinadutsa Dagoretti. M'bogi munali chisangalalo. Masamusa ankayenda m'mbale, amayi anayambitsa nyimbo ya kwaya, wina wa ku Gigiri ankafotokozera mlendo wake m'Chingerezi kuti ku Malawi nkhalamba ndi chuma. Mayi wina anatseka windo kuti mwaye usadetse zovala. A Jailosi anapempha motsitsa kuti alitsegule pang'ono pokha.

"Mukumva kutentha, agogo?"

"Ayi mayi. Ndizimva."

Apa m'pamene ndinayamba kuona dzanja lawo. Linali pabondo, litatuluka pang'ono m'suti, ndipo linkayenda lokha. Injini ikasintha kapumidwe zala zinkafumbata, n'kukoka chinthu chosaoneka, n'kumasula. Samusa imene anawapatsa inali pambale osaluma. A Mwale ankawafunsa za masiku a atsamunda, iwo n'kumayankha "inde" ndi "zoonadi" pamalo osayenera, khutu lili kuwindo.

Titapitirira Kikuyu njanji inayamba kukwera, ndipo nkhungu inali itanyowetsa zitsulo. Mwadzidzidzi kupuma kwa injini kunathamanga ngati munthu wobanika, bogi n'kunjenjemera.

"Mchenga," anatero a Jailosi chapansipansi, osauza aliyense.

Posakhalitsa phokoso linakhazikika, sitima n'kupitiriza kukwera. Anatulutsa mpweya, nandiyang'ana kwa nthawi yoyamba chinyamukire.

"Wathira mchenga panjanji. Wachedwa pang'ono, koma wathira. Ndinamuphunzitsa ndine."

"Agogo, mwakondwa?" ndinafunsa.

"Zikomo kwambiri, Nambewe."

Ndinali nditamvapo zikomo wotereyu. Ndi uja amanena namfedwa kwa anthu obwera kudzapepesa. Koma ndinadziuza kuti angotopa chabe.

Ku Limuru kunali mphepo, minda ya tiyi itabisika theka m'nkhungu. Matebulo anayalidwa paudzu pafupi ndi siteshoni, a Jailosi n'kuwakhazika pakati pa tebulo lalikulu. Amayi anandituma kukaitana Njoroge kuti adzadye. Ndinamupeza akudontheza mafuta ndi kachitini kaja. Sanandiyankhe moni. Anayankhula Chiswahili pang'onopang'ono kuti pasakhale mawu ondiphonya.

"Ndiwe mtsikana wa maganizo uja? Mzee Jailosi wakwecha injini imeneyi sabata yonse. Dzulo moto wayatsa yekha, wakana kuti timuthandize. Mwana wake wamusitira ovolosi. Ine ndauzidwa m'mawa uno kuti ndiyendetsa, akuti abale ake apempha. Ndikanakana bwanji abale ake? Ukudziwa chimene mwamulanda?"

Ndinayamba kufotokoza za ulemu ndi za kugwira ntchito yopanda malipiro. Anandidula.

"Inenso sindilipidwa. Ubwere udzandiveke suti."

Anaona kuti misozi yalengeza m'maso mwanga, ndipo mawu ake anafewa pang'ono. Anandiuza kuti wayankhula kale ndi mlembi, ndipo agwirizana kuti ulendo wobwerera ukhale wa Mzee. Chitunda chapita, koma atha kuitsitsa mpaka ku Nairobi n'kukazimitsa moto yekha. Ovolosi yawo anali ataitenga, inali itapachikidwa m'injini momwemo.

"Thamanga ukamuuze. Tinyamuka 3 koloko."

Ndinathamanga. Nditafika ndinapeza onse ataimirira, matambula a vinyo ali m'manja, a Mwale ali pakati pa mawu awo. Ankanena za mwana wa Malawi amene wanyamula mbendera ya kwathu panjanji za eni. Ndinayamba kudzipanikiza pakati pa anthu, koma bambo anandigwira mkono.

"Akuluakulu akuyankhula," ananong'ona. "Ima apa."

"Bambo, ndili ndi uthenga wa agogo."

"Udikire. Usatichititse manyazi."

Ndinaima. Ine amene ndinalowa m'nyumba ya a Mwale osaitanidwa, n'kuyankhula pamaso pa akuluakulu onse popanda mantha pamene ndinali wolakwa, tsopano ndili ndi mawu oona ndinaima ngati mtengo chifukwa bambo anandigwira mkono. Ndikaganiza zimenezi mpaka lero mtima umandiwawa.

A Mwale atamaliza anatenga tambula n'kuipereka kwa a Jailosi. Iwo anabweza dzanja.

"Pepani bambo, tsiku la sitima sindilawa."

"Lero si tsiku la ntchito, agogo. Takupumitsani. Onani alendo onsewa akweza matambula chifukwa cha inu. Muwasiye manja ali m'mwamba?"

Anthu anaseka, ena n'kumati, "Kadontho kokha, agogo." A Jailosi anayang'ana kumene kunali injini, kumene utsi unkakwera mowongoka kuseri kwa denga la siteshoni. Kwa iwo tsiku linali litatha kale. Analandira tambula ndi manja awiri, anaifikitsa pamlomo, anameza kamodzi. Makamera anathwanima, anthu anaomba m'manja, bambo anandisiya mkono.

Ndinakagwada pambali pa mpando wawo n'kuwauza zonse mothamanga, za Njoroge, za mlembi, za ovolosi imene ikuwadikira. Nkhope yawo inawala kanthawi kochepa kwambiri, mwina ndinaona ndine ndekha. Kenaka anayang'ana tambula imene inali patebulo.

"Ndalawa," anatero.

"Kadontho kokha, agogo. Sikangakuchiteni kanthu."

"Sikangandichite kanthu, n'zoona."

"Ndiye tiyeni. Palibe anganene."

"Aona anthu onsewa, Nambewe. Ndipo ndaona ine. Njoroge yemweyo ndinamutsitsapo painjini chaka chake choyamba, tili pafupi kunyamuka, chifukwa ankanunkha mowa wa dzulo lake. Analira ngati mwana. Lero ndikwere ine, akundiyang'ana, m'mabogi muli ana a anthu? Zaka zonsezi sindinakwerepo nditalawa. Ndisayambe pa tsiku lomaliza."

Ndinawachonderera mpaka anthu anayamba kutembenuka. Njoroge anabwera yekha, chipewa chili m'manja, ndipo anayankhulana motsitsa m'Chiswahili. Ndinamva a Jailosi akumuuza kuti asamale mabuleki pokhota pa Kikuyu, chifukwa njanji ikadali yonyowa. Njoroge anabwerera kuinjini osayang'ana aliyense wa ife.

Mkwiyo umene unandigwira pamenepo sindinaumvepo. Ndinawapeza bambo kumapeto kwa pulatifomu akusuta, n'kuwakhuthulira zonse. Ndinati a Mwale sanafune kulemekeza munthu, anafuna chithunzi choonetsa anzawo a ku Gigiri. Ndinati anthu ophunzira onsewo, a madigiri awo, palibe mmodzi amene anaona kuti nkhalamba sinadye. Ndinati anamukakamiza vinyo munthu atakana poyera. Ndinati akanandisiya mkono mphindi imodzi yokha zonse zikanakonzeka. Bambo sanandikalipire, ngakhale ndinali ndisanawayankhulepo chotero. Anaponda ndudu yawo pansi.

"Za mkono ndalakwa ine," anatero. "Za vinyo alakwa a Mwale. Nanga amene anagwada pakhomo n'kutiuza kuti munthuyu asadzakhudze chitsulo ndani?"

Ulendo wobwerera sindinakhale pampando wanga wa mphotho. Ndinaima pakhomo la bogi, mphepo ndi mwaye zikundimenya kumaso, ndikumva nyimbo za amayi m'kati. Sitima inatsika bwinobwino. Sipanachitike chovuta chilichonse choti anthu aone kuti panjanji pakusowa munthu. Tinafika ku Nairobi pa nthawi yake, alendo akuyamikira kuti Amalawi amadziwa kukonza zinthu.

Anthu atabalalika ndinawaona a Jailosi akutuluka m'chipinda chodikirira atavalanso ovolosi imene Njoroge anawabwezera, suti ataipinda bwino pamkono. Anapita painjini, koma sanakwere. Anaima pansi, nakhudza mawilo limodzilimodzi ndi kuseri kwa dzanja, n'kuuza Njoroge kuti lachiwiri la kumanzere lafunda. Kenaka anaimirira chapatali akuyang'ana Njoroge akuzimitsa moto. Phokoso la m'ng'anjo litaleka anavula chipewa kanthawi, n'kuchivalanso.

Ndinawayandikira.

"Agogo, pepani."

"Suti ndi yabwino, Nambewe," anatero akuisisita. "Ukawathokoze. Tsiku londiika ndidzapita nditatchena."

Anandigwira pamutu, n'kuuyamba wapansi kulowera ku Kaloleni. A Mwale anali atalonjeza kukawatula pa galimoto, koma iwo sanaidikire.

Sanayendetsenso sitima. Mlembi wa kagulu, atamva bwino zimene zinachitika, anawapempha kuti adzatenge ulendo wa Sepitembala, lamulo liyambe pambuyo pake. Anakana. Anati lamulo limene unaika nawo wekha sulipinda likafika pakhomo pako.

Tsopano ndine wamkulu kuposa mmene analili bambo tsiku lija, ndipo mkwiyo uja sunathe. Ndimakwiyabe ndikaona zimenezi zikuchitika, chifukwa zimachitika kawirikawiri pakati pathu. Ndaonapo ana akulanda amayi awo khasu ati apume, mayiyo n'kufota chaka chisanathe. Ndaonapo mphunzitsi wokalamba akuchotsedwa pa kwaya imene anayambitsa yekha, n'kupatsidwa mpando wakutsogolo ndi nsalu. Timachita zimenezi tikuomba m'manja, ndipo wolandidwayo amathokoza chifukwa tamutsekera njira yokanira. Sikuti zonse zimene ndinaona ndili mtsikana zinali zabodza. Nsapato zinalidi zong'ambika, ndipo alendo aja analidi amwano. Koma munthu uja anadikira theka la moyo wake kuti aloledwe kugwira chitsulo chimenecho, ndipo amene tinamuchotsapo komaliza sanali atsamunda. Tinali ife, abale ake, motsogozedwa ndi ine, amene anandiuza m'maso muli gwa chimene ankafuna.

Madzulo a Loweruka limenelo amayi sanandikumbutse funso lawo la m'galimoto. Anangondiikira chakudya n'kundisiya. Ndinkadziwa kuti tsiku lotsatira ulendo anthu a kagulu amakumana kushedi masana kutsuka injini, ndipo lamulo la zaka silinkaletsa munthu kupukuta. Ndinkadziwanso kuti a Jailosi adzakhalako. Ndinatenga bulauzi yanga yakale ya sukulu n'kuing'amba nsanza zinayi. Ndinaganiza kuti mawa tikatuluka m'tchalitchi ndikwera matatu ndekha, ndikaima pakhomo la shedi ndi nsanza zangazo, ndipo sindikalowa. Ndikayamba ndafunsa ngati akundifuna, ndipo akakati ayi, ndikabwerera.